Funsani Mlangizi: Mapointi a timeshare atsala, nditchule mtengo wanji?

FUNSO

Zikomo bambo mlangizi. Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Johannesburg, tikukhala ku Randburg. Mu 2015 ine ndi amuna anga tinaitanidwa pa foni kuti tikamvere msonkhano pa hotela ina, ndipo potuluka m'menemo tinali titasaina kugula mapointi a timeshare pa mtengo wa R90,000. Ngongoleyo tinamaliza kubweza. Chaka chilichonse kalabu imatipatsa mapointi 600, ife n'kumalipira levi, yomwe chaka chino yafika R10,800. Nthawi ya Khirisimasi timakonda kupita ndi ana kunyanja ku uMhlanga, kufupi ndi Durban, ndipo sabata imodzi imeneyo imadya mapointi onse 600.

Chaka chino sitipita. Mu Disembala tili ndi ulendo wa kumudzi kukamanga chiliza cha malemu mayi anga, ndipo ndalama ikufunika. Sabata ya ku uMhlanga ndinabuka kale, kuyambira pa 19 mpaka pa 26 Disembala. Ndilinso ndi mapointi 200 otsala a chaka chatha, chifukwa tinangopita masiku ochepa, ndipo amenewa adzafa pa 31 Okutobala ndikapanda kuwagwiritsa ntchito. Kalabu imatenga R350 pobuka ndi R450 polemba dzina la mlendo. Kampani ina yati ikhoza kundipezera munthu koma idzadulapo 15 peresenti. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu wati andipatse R5,000 kuti apite ndi banja lake sabata ya Khirisimasiyo. Amuna anga akuti tisatsike pansi pa R25,000 poti tinalowetsa ndalama zambiri pogula. Takangana kawiri pa nkhani imeneyi. Kodi mtengo wotsikitsitsa umene ndingavomere ndi uti?

Mayi wa ku Randburg

YANKHO

Mayi, pepani ndi za malemu mayi anu, ndipo Mulungu akutsogolereni pa ulendo wa chilizawo. Zikomonso polemba manambala onse. Ambiri amangoti ndiwathandize mtengo osatchula ngakhale levi, ine n'kusowa poyambira.

Ndiloleni ndiyambe ndi anzathu a kumudzi amene mawu akuti timeshare akuwamva koyamba. Imeneyi ndi nyumba yokhalamo pa tchuthi, kunyanja kapena kumapiri, imene anthu ambiri amagawana masiku: uyu sabata yake, uyo sabata yake, chaka ndi chaka. Malondawa anayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya Hapimag ya ku Switzerland, imodzi mwa zoyambirira, inayamba mu 1963. Mu 1974 ku America kunayamba RCI, yothandiza eni masabata kusinthana malo. Ku South Africa lamulo loyang'anira malondawa, Property Time-sharing Control Act, ndi la 1983. Anthu ambiri kale ankagula sabata yeniyeni m'chipinda chenicheni. Makalabu a mapointi amachita mosiyana: munthu sakhala ndi sabata yakeyake, amapatsidwa mapointi amene amagulira masiku m'malo osiyanasiyana, ndipo masiku a Khirisimasi amadya mapointi ambiri pomwe a mu Meyi amadya ochepa. Levi ndi ndalama ya chaka ndi chaka yokonzera nyumbazo, kulipira antchito, magetsi, madzi, inshuwalansi ndi misonkho ya khonsolo. Upite usapite, levi umalipira.

Tsopano kwa inu. Poti ndinu a ku Ntcheu, msika wa Lizulu mukuudziwa. Mayi anga anatiphunzitsa sukulu ndi tomato wa pamsika umenewo, ndipo Loweruka ndinkakhala pambali pawo kuwathandiza kuunjika milu. M'mawa munthu akanenerera mopitirira, ankamuuza mwaulemu kuti apite akaone kwina, chifukwa ankadziwa ndalama imene anapikulira dengu lija ndi imene analipira wowanyamulira. Koma dzuwa likapendeka, magalimoto a pa M1 atayamba kuchepa, tomato wakupsa kwambiri ankamugulitsa pa mtengo uliwonse woposa wa jumbo yoikamo. Mawa lake akanakhala madzi okhaokha. Anyezi ndi mbatata sankazitsitsa choncho, poti zimenezo zimagona m'nyumba n'kudzabwera nazonso sabata yamawa.

Inu muli ndi katundu wa mitundu iwiriyi. Mapointi 600 ndi anyezi, mapointi 200 ndi tomato wakupsa. N'chifukwa chake funso lanu lili ndi mayankho awiri.

Tiyambe ndi sabata ya Khirisimasi. Gawani levi ndi mapointi: R10,800 kugawa ndi 600 ikupereka R18 pa pointi iliyonse. Nambala imeneyi muilembe pachikuto cha fayilo ya timeshare yanu, ndipo muziikonza chaka chilichonse levi ikakwera, chifukwa ndiyo muyezo wa zonse. Sabata yanu yadya mapointi 600, ndiye kuti R10,800. Onjezani R350 yobukira ndi R450 ya dzina la mlendo. Zonse pamodzi R11,600. Mukalandira ndalama imeneyi simunapindule kanthu, mwangobweza zimene zatuluka m'thumba mwanu chaka chino. Uwu ndiwo mtengo wotsikitsitsa ngati mlendo mwampeza nokha.

Mukadzera kukampani ija, samalani ndi masamu. Ambiri amatenga R11,600 n'kuwonjezera 15 peresenti, n'kupeza R13,340. Koma kampani imadula gawo lake pa mtengo wonse umene mlendo walipira. Pa R13,340 idzatenga R2,001, inu n'kutsala ndi R11,339, yoperewera ndi R261. Njira yolondola ndi kugawa R11,600 ndi 0.85, ndipo mupeza pafupifupi R13,650. Muwafunsenso ngati pa 15 peresentiyo VAT ili kale mkati, komanso ngati ndalama yanu amakupatsani mlendo akangolipira kapena akatuluka m'chipinda. Kwa inu zimenezi n'zofunika, poti simenti ndi mmisiri wa chiliza afuna ndalama Disembala asanafike pakati.

Nanga R90,000 imene bambo akunyumba akuitchula? Ndikuwamvetsa. Ndalama imeneyo inatuluka ndi thukuta, ndipo munthu akaikumbukira mtima umawawa. Koma madzi akatayika sawoleka. Mlendo amene akufuna malo ku uMhlanga alibe nazo ntchito kuti inu munagula pa zingati mu 2015. Iye akuyerekeza mtengo wanu ndi wa nyumba ina yoyandikana nayo. Sabatayo ichitike lendi kapena ikhale yopanda munthu, R90,000 ija siisintha. Muwakumbutsenso bambo mofatsa kuti zaka zonsezi ana anu asambira m'nyanja ija, ndipo ndalamayo mbali ina munaidyera pamenepo.

Komabe musawatsutse pa zonse, chifukwa nambala yawo ikhoza kukhala pafupi ndi zoona ngakhale chifukwa chimene akuperekacho sindikugwirizana nacho. Pali mtengo wotchula ndi mtengo wotsikitsitsa, ndipo inu awiri mwakhala mukukangana chifukwa wina akunena uwu, wina akunena uwo. Wotchula umachokera kumsika. Wotsikitsitsa umachokera m'buku lanu, ndipo suuzidwa munthu.

Sabata imene muli nayo ndi yamtengo. Masukulu amakhala atatseka, makampani omanga ndi mafakitale ambiri amatseka chapakati pa Disembala, pa 16 pali holide, ndipo anthu a ku Gauteng amadzaza msewu wa N3 kulowera ku Durban. Malo a m'mbali mwa nyanja a masiku amenewo amatha miyezi isanakwane. Chitani izi usiku uno: lowani pa webusaiti ya malo amene mwabukawo, kenako pa mawebusaiti obukira malo ogona a Booking.com ndi LekkeSlaap, lembani masiku omwewo, pa 19 mpaka pa 26, ndi chipinda cha anthu ochuluka chimodzimodzi ndi chanu. Tiyerekeze kuti mwapeza R4,000 usiku umodzi. Masiku asanu ndi awiri ndi R28,000. Pamenepo ndiye padenga, simungapitirire. Ndipotu muyenera kutsika ndithu, chifukwa munthu wobuka kuhotela amakhala ndi mpata wosintha maganizo, pomwe wobwera kwa inu akupereka ndalama yake kwa munthu wosamudziwa ndipo akadwala sabwezeredwa. Ine ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena limodzi mwa anayi. Pa chitsanzo chathuchi mtengo wotchula ungakhale pakati pa R21,000 ndi R22,400. Mukapeza kuti malowo adzaza kale ndipo palibe chipinda chotsala, musatsitse kwambiri, R25,000 ya bambo ija iyeseni.

Muonenso zimene eni masabata anzanu akutchula m'magulu a pa Facebook ndi pa Gumtree, koma muziwerenga ndi nzeru. Chilengezo chimene chakhala pamenepo miyezi iwiri chikukuuzani mtengo umene anthu akuukana. Chimene chinachotsedwa patapita masiku atatu ndicho chinali pa mtengo woona.

Chinthu chimodzi mukuchita bwino kale: mukugulitsa masiku obukidwa. Munthu wamba mukamuuza kuti muli ndi mapointi 600 sadziwa kuti ndi chiyani. Mukamuuza kuti muli ndi chipinda ku uMhlanga, anthu akuti, masiku akuti, Khirisimasi ili mkati, amatulutsa foni n'kufunsa nambala ya akaunti.

Tsopano tsiku lofunika kuposa onse, limene simunalitchule m'kalata yanu. Imbani kukalabu mufunse mafunso awiri. Loyamba: tsiku lomaliza limene mungathetse buking'i ya Disembala n'kubwezeredwa mapointi onse ndi liti? Lachiwiri: mapointi obwezedwawo angasungidwe mpaka chaka chamawa? Akati inde, ndiye kuti tsiku limenelo lisanafike simuyenera kutsika pansi pa R11,600, chifukwa muli ndi kothawira: mukhoza kuthetsa buking'i, mapointi n'kugona m'nyumba ngati anyezi uja. Tsikulo likadutsa, sabata yanu yasanduka tomato. Levi munalipira kale ndipo siibwerera, mapointi sabwerera, ndiye ndalama iliyonse yoposa R450 ya dzina la mlendo, kuphatikizapo kena kake kolipira chiopsezo cholowetsa munthu m'chipinda cha dzina lanu, ndi yabwino kuposa kusiya chitseko chokhoma.

Koma kusunga mapointi kumathandiza pokhapokha ngati mudzawagwiritsadi ntchito. Chaka chamawa mudzakhala ndi 1,200, levi ina ili pakhomo, ndipo tchuthi cha namwino ndi chowerengeka. Onani kuti chaka chatha 600 okha anakutsalirani 200. Ngati mukuona kuti simudzawatha, musadzinamize kuti mwapulumutsa kanthu. Ndi bwino kulandira R10,000 mu Novembala kusiyana ndi kudzataya mapointi 600 chaka chamawa.

Ndikunena izi chifukwa zinandigwera. Nthawi imene ndinkagwira ntchito yowerengera ndalama ku Pinetown ndinali ndi sabata yangayanga ku Margate, ya mu Febuluwale, nthawi imene ana abwerera kusukulu ndipo gombe limakhala zii. Chaka china sindikanatha kupita. Mnyamata wina amene anali atangokwatira kumene anandipempha sabatayo, n'kutchula ndalama yokwana magawo awiri mwa atatu a levi yanga. Ndinakana, ndinati sindingagulitse moluza. Panatsala masabata atatu, ndipo ndinali ndi chikhulupiriro chakuti wina abwera. Palibe anabwera. Chipinda chinakhala chokhoma masiku asanu ndi awiri, levi ndinalipira yonse, ndipo mnyamata uja ndi mkazi wake sanapite kulikonse. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti tonse awiri tinaluza, pomwe ndikanavomera tonse tikanapeza kena kake. Mayi anga akanamva akanandifunsa kuti Loweruka lonse lija pa Lizulu ndinkayang'ana kuti.

Choncho khalani pansi ndi bambo, mutenge pepala, mulembe mitengo ndi masiku ake musanalengeze. Mwachitsanzo, kuyambira lero mpaka kutha kwa Sepitembala R22,000. Mu Okutobala R18,000. Mu Novembala R15,000. Ndipo kutsogolo kwa zonse mulembe tsiku la kalabu lija ndi zimene mudzachite likafika. Manambala enieni atengereni pa zimene mupeze pa intaneti. Ubwino wa pepala ndi wakuti munthu akaimba foni usiku n'kunenerera, simuyankha ndi mantha kapena ndi mkwiyo, ndiponso inu ndi bambo simukangana kachitatu. Ine ndikukhulupirira kuti sabata ngati yanuyi siifika Novembala isanapeze mwini.

Tibwere kwa mayi a kutchalitchi. R5,000 pa sabata imene yakudyerani R11,600 ikutanthauza kuti mukuwapatsa mphatso ya R6,600, osawerengera phindu limene mukanapeza kwa munthu wina. Kupatsa si kulakwa. Chaka china mukadzakhala pabwino mukhoza kutero ndi mtima wonse. Koma muzidziwa kuti mukupereka mphatso, ndipo chaka chino muli ndi chiliza. N'kutheka kuti mayiwo sadziwa n'komwe kuti kuli levi. Ambiri amaganiza kuti mwini timeshare amagona ulere. Auzeni zoona: "Mayi, sabata imeneyi imandidyera ndalama yakuti, ndipo ndikufuna ithandize pa chiliza cha amayi." Munthu wopemphera naye limodzi adzamva.

Ndipo muli ndi china chowapatsa, mapointi 200 aja. Pa R18 iliyonse akukwana R3,600, kuphatikiza R800 yobukira ndi ya dzina la mlendo ndi R4,400. Umenewo ndi mtengo woyambira. Koma amenewa alibe kothawira, pa 31 Okutobala afa basi, ndipo levi yake munalipira chaka chatha. Ndalama yatsopano imene ituluke m'thumba ndi R800 yokha. Choncho mtengo wotsikitsitsa weniweni uli pamwamba pang'ono pa R800. Ine sindingatsike pansi pa R1,500, chifukwa nthawi yanu ya mafoni ndi chiopsezo cha mbale zosweka nazonso ndi ndalama. Onani zimene mapointi 200 angagule: kawirikawiri masiku a pakati pa sabata, Lolemba mpaka Lachisanu, amadya ochepa kuposa a kumapeto kwa sabata. Yang'anani ku Hazyview, kufupi ndi geti la Phabeni lolowera kumalo osungira nyama zakutchire a Kruger, kumene miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala udzu umakhala utauma ndipo nyama zimaoneka bwino pa madzi. Yang'ananinso ku Drakensberg. Ngati mayiwo ali ndi ana a sukulu, funsani za tchuthi chachifupi chimene chimagwa chakumapeto kwa Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, ngakhale masiku amenewo amadya mapointi ambiriko. Akapereka R3,000 pa masiku anayi, iwo asangalala, inunso mwatola ndalama imene ikanapita ndi mphepo. Akakana, musavutike kupita kutali: anamwino anzanu amene amapuma pakati pa sabata, ndi achikulire opuma pa ntchito, ndiwo makasitomala a masiku oterewa. Koma bukani sabata ino, chifukwa mapointi oyandikira kufa amakhala ndi anthu ambiri ndipo onse amathamangira zipinda zomwezo.

Musanalandire ndalama ya munthu, werengani malamulo a kalabu yanu pa mutu wa alendo ndi lendi. Makalabu amasiyana: ena amalola, ena amalola abale ndi anzanu okha, ena amafuna kuti lendi idzere kwa iwo. Ndipo ngati masiku ena munawapeza posinthana kudzera ku RCI kapena kampani inzake ya Interval International, amenewo musawachititse lendi, malamulo awo amaletsa, ndipo akadziwa akhoza kuthetsa buking'i mlendo wanu ali kale pa msewu. Onetsetsaninso kuti levi yanu ilibe ngongole, poti kalabu ikhoza kukaniza mlendo kulowa ngati mwini ali kumbuyo.

Za kalandiridwe ka ndalama ndinene mwachidule. Chithunzi cha umboni wa EFT (kutumiza ndalama kudzera kubanki) chotumizidwa pa WhatsApp si ndalama, akuba amachipanga mosavuta. Dzina la mlendo mulilembetse pokhapokha ndalama itaoneka mu akaunti mwanu. Mulemberane kapepala kosonyeza masiku, chiwerengero cha anthu ololedwa m'chipinda, kuti ndalama siibwezedwa akasintha maganizo, ndi kuti zowonongeka alipira iye. Mutengenso dipoziti yapadera imene mudzabweze akatuluka bwino, chifukwa TV ikasweka kalabu idzatsata inu. Pomaliza, ndalama ya lendi imalembedwa pa fomu ya msonkho ya SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa; sungani malisiti a levi ndi a zolipira zina kuti muwaonetse wokuthandizani za msonkho, chifukwa zimene mwawononga popeza ndalamayo zimachotsedwa.

R18 ija ili ndi ntchito inanso. Chaka chimodzi kugulitsa pansi pa levi ndi ngozi chabe. Koma mukadzaona kuti zaka zitatu zotsatizana simukupita, ndipo msika sukukupatsani ngakhale R18 pa pointi, ndiye kuti nkhani siilinso ya mtengo wa lendi, yafika poganiza zotuluka. Apa mpamene R90,000 ya bambo ndi levi yokwera chaka ndi chaka ziyenera kuikidwa pa tebulo. Simuli nokha: madandaulo a eni mapointi atachuluka, bungwe la National Consumer Commission linayamba kufufuza malonda amenewa mu 2017 n'kutulutsa lipoti lake kumapeto kwa 2018, ndipo dandaulo lalikulu linali la makontirakiti opanda malire amene munthu amalephera kutulukamo. Tsegulani kontirakiti yanu muone ngati ili ndi chaka chothera. Kalabu ikadzakuvutani, ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud imalandira madandaulo otere kwaulere. Koma inu mukuoneka kuti banja lanu limaikonda nyanja ija, ndipo muli ndi sabata imene anthu amailimbirana. Chaka chino ingoichititsani lendi, mukamange chiliza.

FUNSO

Bambo mlangizi, ndili ku Leeds, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndili ndi mapointi a kalabu ina imene ili ndi malo ku Tenerife, chilumba cha dziko la Spain, ndipo zaka ziwiri zapitazi sindinapite. Munthu wina wandiimbira foni kuti kampani yake ili ndi makasitomala okonzeka kuchita lendi mapointi anga pa mtengo woposa kawiri ndalama imene ndimalipira pa chaka, koma ndiyambe ndapereka £600 yolembetsera. Ndivomere?

Bambo wa ku Leeds

YANKHO

Ayi, bambo, musapereke. Taganizani: munthu ali ndi kasitomala m'manja, ndalama ili pafupi kulowa, akanangodulapo gawo lake n'kukutumizirani yotsala. N'chifukwa chiyani akufuna £600 yanu kaye? Katangale ameneyu ndi wakale pakati pa eni timeshare ku Britain ndi ku Spain. Amakunyengererani ndi mtengo umene msika sungapereke, mukalipira amayamba kunena kuti kasitomala wasintha maganizo, kapena pakufunikanso ina ya msonkho, kenako foni siiyankhidwa. Dzifunseninso kuti nambala yanu anaitenga kuti, ndipo anadziwa bwanji kuti muli ndi mapointi.

Ku Britain malamulo a timeshare a 2010 amaletsa wogulitsira mnzake timeshare kulandira ndalama malonda asanachitike. Lamulolo likunena za kugulitsa, koma chifukwa chimene linaikidwira ndi chomwechi chimene mwakumana nachochi. Wothandiza woona amadya pambuyo, inu mutalandira.

Mtengo wanu upezeni monga ndawauzira mayi a ku Randburg: ndalama ya pa chaka kugawa ndi mapointi, kuphatikiza zolipira pobuka ndi polemba dzina la mlendo. Mwayi wanu ndi wakuti Tenerife amafunidwa kwambiri miyezi yozizira, anthu a ku Britain akamathawa chisanu, komanso pa tchuthi cha ana cha mu Okutobala ndi mu Febuluwale. Bukani masiku amenewo msanga. Mukumbukire kuti mlendo wanu ayeneranso kugula tikiti ya ndege, ndipo matikiti amakwera tsiku likamayandikira, choncho kwa inu dzuwa limapendeka msanga kuposa kwa munthu amene alendo ake amangoyendetsa galimoto. Yambani kutsitsa mtengo kudakali miyezi iwiri kapena itatu. Funsaninso kalabu yanu ngati ili ndi dongosolo lake lochititsa lendi mapointi a mamembala. Malipiro ake amakhala ochepa, koma amakupatsani nambala yoyerekezera. Ndipo zaka ziwiri osapita ndi chizindikiro: chaka chino chikakhala chachitatu, mundilemberenso tikambirane zotuluka.

FUNSO

Achimwene, membala mnzanga wa m'kalabu yathu akufuna ndimusamutsire mapointi 300 mu akaunti yake pa R12 iliyonse, pomwe levi yanga imafika R16 pa pointi. Mapointiwo atsala ndi miyezi inayi. Kodi akundibera?

Mnzanu wa ku Pretoria

YANKHO

Achimwene, sakukuberani, akunenerera ngati munthu wodziwa msika. Membala mnzanu amadziwa levi, amadziwa tsiku limene mapointi anu adzafe, ndipo ngati kalabu yanu imabwereketsa mapointi owonjezera kwa mamembala, amadziwanso mtengo wake ndipo sangakulipireni woposa pamenepo. Funsani mtengo umenewo kukalabu, ndiwo denga lanu.

Pa R12 mulandira R3,600, pomwe levi yake inali R4,800. Kusiyana kwake ndi R1,200. Koma taonani zimene simulipira: palibe ndalama yobukira, palibe ya dzina la mlendo, palibe kampani yodulapo, ndipo chikasweka chinthu m'chipinda mlandu ndi wake poti buking'i ili m'dzina lake. Mukachotsa zimenezo mupeza kuti R12 ya membala siitalikirana kwenikweni ndi R16 ya munthu wachilendo. Miyezi inayi ikukupatsani mpata pang'ono. Onani kaye ngati mapointi 300 angagwire masiku ofunidwa, monga kumapeto kwa sabata yokhala ndi holide, amene mungachititse lendi pa mtengo wabwino. Mukapeza, yesani masabata atatu. Mukapanda kupeza, bwererani kwa mnzanuyo mutchule R14, ndalama yosamutsira mapointi alipire iye, ndipo akakakamira pa R12 mulandire, ndalama iyambe yalowa mu akaunti musanasaine fomu yosamutsira.